Chiwindi cha a Jafali

Loweruka lapitali tinali pa sadaka ya a Jafali, kunyumba kwawo kuseri kwa msika ku Area 23. Patha chaka chimwalirireni. Ndinapita nditakonzeka kukalira, koma misozi imene ndinapukuta kumeneko inali ya kuseka. Mapemphero atangotha, mpunga uli m'mbale, bambo wina anayamba: “Mukukumbukira tsiku lija galu anaba mutu wa mbuzi, iwo n'kumuthamangitsa mpaka kumtsinje, pobwera atakwera kabaza mutuwo uli pamiyendo?” Zinayambira pamenepo. Aliyense anali ndi yake. A shehe, omwe poyamba ankayesa kutikhazika chete, anamaliza atagwira nthiti. Mayi Mwanaisha, mkazi wa malemuwo, anangoti, “Asiyeni aseke. Mwini wake akanakhalapo, bwenzi akuseka kuposa onsewa.”

Ine ndine Nangondo, ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsikamo. Benchi yanga inayang'anana ndi butchala ya a Jafali kuyambira ndili ndi mwana woyamba kumsana, choncho zambiri zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso. Zina anandiuza okha. Koma poti nkhani iliyonse ankaifotokoza kambirimbiri, ulendo uliwonse ikukulirakulira, ndasankha mbali imene Mayi Mwanaisha akuivomereza.

A Jafali anali munthu wamtali, woonda, mzuli woyera kumutu. Kwawo kunali ku Nkhotakota, ndipo ngakhale anakalambira ku Lilongwe, ankalankhula ngati wafika dzulo ndipo abwerera mawa. Ankalowa mumsika akachoka ku swala ya m'mawa kumzikiti, akukankha njinga, nyama ya mbuzi itakutidwa ndi nsalu yoyera. Asanatsitse katundu ankayamba wapereka moni benchi ndi benchi, ndipo moni wawo sunali waulere, unkabwera ndi chipongwe chake. Ine wanga unali wakuti, “Nangondo, tomato wa dzana uja wadzuka bwanji?”

Makasitomala sankawaitana ndi mayina awo. Munthu ankatchedwa ndi chiwalo chimene ankakonda kugula. Kunali Mayi Nthiti, a Bambo Zam'kati, Agogo Mapazi. Mphunzitsi wina wolemekezeka kwambiri anakhala a Mchira mpaka anapuma pantchito, ndipo ankavomera. Pa maliro a Jafali ndi pamene ambiri tinadziwana mayina enieni.

Pa chiwindi pokha sankachita nthabwala. Akatumbula mbuzi ankachikweza m'mwamba, kuchitembenuza, kuchidina ndi chala. Chikakhala ndi mawanga, kapena cholimba pena, kapena akachidula n'kupezamo tinyongolotsi, ankachitaya kudzenje, ngakhale wina achonderere kuti amugulitse motchipa. Ankakonda kunena kuti mbuzi imatha kunamiza munthu ndi ubweya wosalala, koma chiwindi chimaulula zonse: kumene inkadya, madzi amene inkamwa, ndi mmene mwini wake ankaisamalira.

Mnzawo wa pamtima, amenenso anali mdani wawo wa tsiku ndi tsiku, anali a Chimwaza, okonza nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi butchalayo. A Chimwaza ndi a ku Dedza, amaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndipo masiku amenewo Loweruka likafika mowa sankaukana. Awiriwa ankakangana pa chilichonse. Mpunga wa ku Nkhotakota ndi mbatatesi ya ku Dedza, chakudya chenicheni ndi chiti. Mpira wa pa wailesi, ngakhale onse sanauone. Mthunzi wa mtengowo, kuti mwini wake ndani. Nthawi zina mkangano unkakula mpaka kusiya kulankhulana. Koma masana akakwana a Jafali ankawotcha kachidutswa ka nyama, n'kundikodola: “Kawapatse achimwene ako aja. Usanene kuti ndine.” Ine n'kukapereka. A Chimwaza n'kudya, n'kunena mokweza kuti aliyense amene wawotchayo mchere saudziwa.

Amene anawadziwa a Jafali zaka zomalizirazi amawakumbukira ngati dokotala wa pa butchala, munthu amene ukagula nyama ankakuyang'ana m'maso, n'kukufunsa ngati unakulira kufupi ndi madzi. Ena ankaona ngati anabadwa otero. Ayi. Zinachita kuyamba, ndipo zinayamba moipa.

Chaka china a Jafali anayamba kufooka. Mimba inakula pomwe manja ndi miyendo zikuonda. Poyamba ankaseka okha kuti ukalamba wawabweretsera mimba ya mabwana. Kenako njinga ija inayamba kuwalemera. Moni wa m'mawa unafupika. Tsiku lina, akukonza nyama, anagwira nsanamira, n'kusanza magazi. Tinawanyamula pa chitenje changa mpaka pamsewu, a Chimwaza akuimitsa galimoto ndi nsapato ya kasitomala m'manja.

Kuchipatala anati ndi chiwindi. Mawu amenewo atafika mumsika anasanduka ena. Kuno munthu akamva za chiwindi chotupa amaganiza chinthu chimodzi: kachasu. Anthu anayamba kunong'onezana. Wina akuti n'chifukwa chake amaseka chisekereni. Wina akuti mnzake wa Chimwaza angakhale wosamwa? Kumzikiti a Jafali ndiwo ankaitanidwa kukazinga mbuzi pa ukwati, pa sadaka, pa Idi. Atatuluka m'chipatala ulendo woyamba anapeza kuti ayamba kuitana wina. Palibe anawauza kanthu pamaso. Makasitomala achisilamu ankangodutsa, maso kumbali, kukagula kutsogolo. Munthu amene sanalawepo mowa chibadwire anakhala pa butchala yake, nyama ili lende, akuthamangitsa ntchentche.

Masiku amenewo ndi okhawo amene ndinawaona a Jafali ali chete. Tsiku lina anandiuza motsitsa mawu, “Nangondo, matendawa ndikhoza kuwapirira. Koma ndimwalire anthu akundiyesa wachinyengo?”

Atasanzanso magazi anawagoneka kuchipatala chachikulu. Ndinapita kukawaona masana ena pamodzi ndi Mayi Mwanaisha, ndipo tinapeza pambali pa bedi pali dokotala wachitsikana, a Mbewe, atakoka mpando. Anati iwo ndi anzawo akuchita kafukufuku wa matenda a chiwindi, ndipo akupempha odwala amene angafune kuti alowe nawo.

“Bambo,” anatero a dokotala, “matenda a chiwindi alipo angapo, koma kunja amaoneka ngati amodzi. Mimba kutupa, thupi kutha, ena maso achikasu. Wina chiwindi chimaonongeka ndi mowa, wina ndi kachilombo ka hepataitisi, wina ndi likodzo, wina ndi chuku cha m'chimanga kapena mtedza wosungidwa ponyowa. Chithandizo chake n'chosiyana. Kuno tili ndi makina ounikira m'mimba, koma zipatala zing'onozing'ono zambiri zilibe. Ndiye ife tikufufuza ngati magazi okha angatiuze. Chiwindi chikadwala chimasiya tizizindikiro m'magazi, ndipo tikuganiza kuti nthenda iliyonse ili ndi take.”

A Jafali, omwe anali atagona cham'mbali, anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala tsonga.

“Tabwerezani, mwanangu. Mukufuna kuona chiwindi mbuzi isanafe?”

A dokotala anaseka. “Tingatero. Koma inu si mbuzi, bambo.”

“Musawafunse mayiwa, angakutsutseni.”

Aka kanali koyamba kuwamva akuchita nthabwala patapita miyezi. Mayi Mwanaisha anatembenukira kukhoma, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Kenako a Jafali anafunsa chimene chinali pamtima pawo. “Nanga magaziwo anganene kuti sindinamwepo mowa?”

A dokotala sanawanamize. Anati magazi sangalumbire m'malo mwa munthu, ndiponso kafukufukuyo akadali poyambira, mwina phindu lake adzaliona ndi ena. “Koma aliyense wolowa timamuunika bwinobwino ndi makina, ndi kumuyeza zonse zimene tingathe, kuti tidziwe nthenda yake yeniyeni. Tikatero m'pamene timayang'ana m'magazi mwake kuti nthenda imeneyo yasiyamo chiyani. Ndiye chimene chikukudwalitsani tichidziwa. Mukakana, chithandizo mulandirabe chimodzimodzi.”

“Ndikane chiyani? Tengani. Mukufuna ndowa kapena beseni?”

A dokotala anawafunsa za ubwana wawo. Apa a Jafali anamasuka. Anafotokoza za madimba a mpunga kwawo, mmene ankakhalira m'madzi ofika m'mawondo kuyambira m'mawa akuwokera, kenako n'kukasambira kumtsinje ndi anzawo. Anati anyamata onse ankakodza magazi nthawi ina, ndipo ankanyadirana, poganiza kuti ndiko kukula. A dokotala ankangogwedeza mutu.

Zotsatira zitabwera, anawafotokozera Mayi Mwanaisha ali pomwepo. Linali likodzo. Osati la m'chikhodzodzo limene ambiri timalidziwa, koma linzake la m'matumbo, lochokeranso ku nkhono za m'madzi. Mazira a tizilomboto anakhala akutsakamira m'timitsempha ta m'chiwindi kuyambira ali mnyamata, n'kusiya zipsera. Magazi posowa podutsa ankadzaza m'mitsempha ya kummero mpaka kuiphulitsa. Kachilombo ka hepataitisi analibe. Ndipo mnofu wa chiwindicho, anatero a dokotala, unali ukugwirabe ntchito, sunkaoneka ngati wa munthu amene wathera mu mowa.

Akuti a Jafali anaseka mpaka anesi anabwera kudzaona. “Nkhono! Mwanaisha, wamva? Ndathawa kumudzi zaka zonsezi, nkhono zinakwera nane basi!”

Anawapatsa mankhwala opha tizilomboto, ndi mapiritsi ena a tsiku ndi tsiku ochepetsa mphamvu ya magazi m'mitsemphamo, ndipo mitsempha yotupayo anaimanga. Anawauza poyera kuti zipsera sizidzatha. Iwo zimenezo sizinawadetse nkhawa. Lachisanu loyamba atatuluka anavala mkanjo wawo wa pa Idi n'kupita kumzikiti. Amene analipo amati swala itatha anapempha kulankhula, n'kuima kutsogolo, n'kufotokoza zonse, za madimba, za nkhono, za mazira, manja akujambula m'malere. Pomaliza anati sakukwiyira aliyense, chifukwa iwonso akanakhala kuti ndi wina akanaganiza zomwezo, koma amene anakulira kunyanja kapena kudambo aimike mkono. Mikono inakwera yambiri. “Ndiye tiyeni tonse tikayezetse, zidakwa zinzanga.” A shehe akuti anabisa nkhope m'manja.

Makasitomala anabwerera mmodzimmodzi. Aliyense wobwerera ankalandiridwa ngati wachokera ku Joni. “Mayi Nthiti! Ulendo munayenda bwanji? Kumene munapitako nyama yake inali yofewa?” Munthu ankachita manyazi, kuseka, n'kugula. Zinkathera pomwepo.

Koma tsiku limene aliyense pa sadaka paja ankafuna kulifotokoza ndi lija a dokotala Mbewe anabwera kumsika.

Kafukufukuyo ankafunanso magazi a anthu osadwala, oti aziyerekeza ndi a odwala. A Jafali atamva anadzipereka. Anawauza a dokotala kuti anthu abwinobwino ali nawo msika wathunthu, abwinobwino m'thupi, za m'mutu sakulonjeza. Analankhula ndi komiti ya msika, tsiku linagwirizanidwa. Chimene sanachiganizire n'chakuti miyezi imeneyo mphekesera za anamapopa zinali zitayambanso kuyenda m'mafoni.

Galimoto yoyera inaima pachipata m'mawa. Anatsika a dokotala ndi anesi awiri, atanyamula tebulo lopinda ndi bokosi losungira zinthu kuti zizizizira. Asanamalize kuyala nsalu patebulo, mawu anamveka kuchokera ku siteji ya minibasi: “Anamapopa!” Mawu amenewo sachedwa. Posakhalitsa anyamata anali atazungulira, ena miyala ili m'manja. Amayi anayamba kulongedza malonda. Nesi mmodzi anagwira mkono wa mnzake. Dalaivala analiza galimoto, koma njira inali itatsekeka kale. A dokotala anayesa kulankhula, mawu awo anamira m'phokoso. Tonse tinamvapo kumene zoterezi zimathera.

Kenako gululo linagawanika pakati. A Jafali akubwera, epuloni ili ndi magazi, chimpeni chachikulu chili m'manja. Anali atachiiwala. Anthu anabwerera m'mbuyo, anesi aja anakuwa.

“Baba, chimpenicho!” ndinafuula.

Anachiyang'ana ngati achiona koyamba. “Aa! Pepani. Gwira, Nangondo.” Anandipatsira, n'kukakhala pampando wa anesiwo, n'kupinda mkono wa malaya.

“Inu nonse mumandidziwa,” anatero, ndipo mawu awo anafika mpaka kumapeto kwa msika. “Pamsika pano amene amakhetsa magazi tsiku ndi tsiku ndine. Ndowa yodzaza. Alipo anandigendapo? Mwana uyu akufuna osakwana ndi supuni ziwiri zomwe, mwamutolera miyala. Sisitala, bayani.”

Nesiyo anazengereza, singano ili m'manja. A dokotala anatenga singanoyo n'kubaya okha. Kabotolo katadzaza, a Jafali anati akakweze m'mwamba.

“Mwawaona? Awa ndi magazi a Jafali. Akhala akunditenga chonchi kuyambira ndili gone m'chipatala, ndipo ndine pano, ndikuyenda, ndikukuberani pa sikelo monga kale. Munkati ndine chidakwa. Ena mwa inu muli pompano, sindikulozani. Amene anandibwezera dzina langa ndi mwana uyu. Lero mumuphe pakhomo panga?”

Kenako kondakitala wina, mnyamata wamtali amene anali kutsogolo, anafunsa, mwala ukadali m'manja: “Nanga magaziwo mumapita nawo kuti, madala? Ife timangoona akutenga. Kumene amathera sitikudziwa.”

Ndinkaganiza kuti amukalipira. Koma a Jafali anagwedeza mutu. “Funso limenelo ndi la nzeru. Inenso sindinakuoneko. A dokotala, muyankheni.”

A dokotala Mbewe anafotokoza kuti magaziwo amapita ku labu, amawazunguza m'makina kuti madzi ake apatuke, n'kuwasunga m'firiji, pa kabotolo palibe dzina la munthu koma nambala. Anati palibe wokakamizidwa, ndipo amene akufuna kukaona ndi maso, apempha chilolezo kwa akuluakulu awo kuti akaone.

“Wamva?” anatero a Jafali. “Tipita limodzi. Minibasi ndi yako, ine ndikhala kutsogolo.”

Wina anaseka kumbuyo. Mwala unagwa pansi, kenako wina. A Jafali anandiloza: “Nangondo, bwera. Ako ndi tomato yekhayekha, koma alandira.” A dokotala anawaletsa, akumwetulira, kuti munthu amabwera yekha, ndipo ayambe wamva zonse. Ndinamva zonse, n'kupereka mkono. Pofika masana panali mzere, Agogo Mapazi akukangana ndi a Mchira kuti anayamba kufika ndani. Ku labu kuja anapitadi sabata yotsatira, iwo, kondakitala uja ndi anthu awiri a komiti. Anabwerako a Jafali akusimba za firiji yozizira kuposa Dedza, ndipo akudandaula kuti firiji yotero ikungosunga timabotolo pomwe iwo nyama ikuwaonongekera.

Munthu mmodzi yekha tsiku lija sanasunthe pamalo pake. A Chimwaza anakhala pansi pa mtengo, mutu uli pansi, akusoka nsapato imodzimodziyo. Tonse tinali titaona kale kuti maso awo asanduka achikasu, ndipo mapazi atupa moti wokonza nsapato ankayenda ndi patapata. Kuchipatala ankakana. Ankati akudziwa kale chimene akawauze, ndipo safuna kukakalipiridwa ndi ana.

Gulu litabalalika, a Jafali anapita kukakhala pambali pawo. Ndinali pafupi, ndikutola anyezi amene anamwazika. Zaka zonsezo awiriwa ankatchulana kuti inu ngakhale pokangana. Tsiku lokhalo ndinamva zina.

“Chimwaza, ine anthu ankati ndi mowa pomwe sindimwa. Iwe ukuti ndi mowa chifukwa umamwa. Tonse tikungoganiza. Tiye akaone.”

“Akapeza kuti ndi mowa womwewo?”

“Ndiye tidziwa. Ndidzakunyoza, koma ndidzakuperekeza.”

Anapita. Madokotala anawapeza a Chimwaza ndi kachilombo ka hepataitisi B, kamene mwina anali nako kuyambira ali mwana osadziwa. Mowa unangowonjezera moto. Anawayambitsa piritsi la tsiku ndi tsiku n'kuwauza kuti botolo alisiye. Akazi awo ndi ana anakayezetsa, ndipo mwana wawo wamkazi mmodzi anapezeka nako msanga, chiwindi chisanaonongeke. A Chimwaza anasiya mowa, movutika, akudandaula Loweruka lililonse, ndipo mpaka lero ali moyo.

Mukuganiza kuti mikangano inatha? Inapeza mutu watsopano. Tsopano ankakangana kuti nthenda yolemekezeka ndi ya ndani. A Chimwaza ankati yawo ili ndi dzina la chizungu ndi chilembo pamwamba, pomwe ya a Jafali ndi ya nkhono. A Jafali ankayankha kuti yawo anaipeza akugwira ntchito m'dimba, ndi nthenda ya anthu olimbikira. Tsiku lokaonana ndi dokotala ankakwera minibasi imodzi, kukangana njira yonse, n'kubwerako atagulirana nthochi.

Kafukufuku ndi chinthu chochedwa, ndipo a Jafali kudikira sankakudziwa. Ulendo uliwonse ankafunsa kuti magazi awo anena chiyani. A dokotala ankayankha kuti akadali kumvetsera. Iwo ankabwera kudzatidandaulira kuti ana a sukuluwa ntchito imene iwo amaimaliza ndi mpeni kamodzi akuichita zaka. Koma wina akayerekeza kunyoza kafukufukuyo pamaso pawo, ankamutsekera pakamwa. Ankati kudula n'kosavuta, chovuta ndi kudziwa osadula.

Patapita nthawi a dokotala Mbewe anabweranso kumsika, ulendo uno opanda singano, kudzatiuza pamene afika. Anati apeza tizizindikiro tina timene tikuoneka kuti timasiyana pakati pa odwala likodzo la m'chiwindi ndi amene chiwindi chinalimba ndi kachilombo kapena mowa. Anati n'zolimbikitsa, koma ziyenera kuyesedwanso pa anthu ambiri, m'madera ena, zisanafike pa chipatala chaching'ono. Ena anakhumudwa kuti basi n'zomwezo. A Jafali ayi. Anaimirira, n'kuyang'ana msika wonse monyada.

“Mwamva? Ine ndili pano ndikugulitsa nyama, magazi anga ali uko akugwira ntchito ku labu. Ndine munthu wa ntchito ziwiri. Chimwaza, inu muli ndi zingati?”

“Anganso ali komweko,” anatero a Chimwaza, osadzutsa mutu.

“Anuwo akungoperekeza.”

Kuyambira pamenepo anthu ankabwera pa butchala osati kudzagula kokha. Mayi amene mwamuna wake watupa mimba ndipo abale akuti walodzedwa. Mnyamata amene bambo ake akubisala m'nyumba poopa kutchedwa chidakwa. Ankachokera ku Kawale, ku Biwi, ena mpaka ku Mgona. A Jafali mankhwala sankatchula, ankati imeneyo si ntchito yawo. Ankangomvetsera, kufotokoza nkhani yawo ya nkhono, kenako n'kuvula epuloni. “Nangondo, undionere nyamayi.” Ine wa tomato ndinaphunzira kudula nthiti chifukwa cha maulendo amenewo. Mayi Mwanaisha ankawakalipira kuti munthu wodwala sayendayenda choncho, ndipo bizinesi ikufa. Iwo ankavomera zonse, kupepesa, mawa lake n'kuperekezanso wina. Ena mwa anthuwo anathandizika. Ena anafika mochedwa, ndipo a Jafali ankapita ku maliro awo, kukauza abale kuti m'bale wawoyo sanali wolodzedwa, ndipo otsalawo akayezetse.

Mitsempha ija inaphulikanso nthawi ngati ino chaka chatha, m'mawa, akukonzeka kubwera kumsika. Anafika kuchipatala akulankhula. Mayi Mwanaisha amati pamene nesi ankafunafuna mtsempha woti awaikire magazi, iwo anamuuza kuti zaka zonsezi akhala akupereka, lero abwera kudzatenga chenji. Anamwalira dzuwa likupendeka. Pa maliro, a dokotala Mbewe anakhala pamphasa pakati pa ife amayi, atafunda chitenje, akulira ngati mwana wa m'nyumbamo. A Chimwaza, munthu wa kwaya, analowa pakati pa amuna a kumzikiti n'kusenza nawo jeneza yonyamulira malirowo, ndipo palibe anawaletsa.

Butchala ija mpaka pano palibe wailowa. Mwana wamwamuna wa a Jafali ndi dalaivala wa mathiraki, ntchito ya nyama saifuna. Komiti yauzapo anthu awiri atatu, koma aliyense amabwera, kuyang'ana, n'kunena kuti aganize kaye. Zitsulo zokolekera nyama zikadali lende, zachita dzimbiri, mphepo ikawomba zimagundana. Lata limodzi la padenga linasomphoka pangodya. Pansi, pamene ankatayira madzi otsukira, pamera nkhwani wobiriwira bwino, ndipo amayi a mumsika timathyolako osafunsana.

Chapakati pali chipika chimene ankadulirapo nyama. Zaka za mpeni zinachikumba pakati ngati mbale. Mvula ikagwa, madzi odontha pa lata lija amadzaza m'menemo, ndipo mpheta zinazolowera kudzamwa. Mvula inatha kalekale, koma mbalamezo sizinasiye kubwera. Dzulo masana ndinaona chifukwa chake. A Chimwaza anaika nsapato pansi, anadzuka ndi botolo lawo la madzi akumwa, n'kukathira m'chipikamo mpaka kudzaza. Pobwerera anandipeza ndikuwayang'ana.

“Ukuona, Nangondo?” anatero, akukhala pansi mong'ung'udza. “Munthu uja anapita, koma mpaka lero akundigwiritsabe ntchito.”